Mlendo wa Kalumo Kakuthwa: Phunziro la Nyimbo za Kolabo mu Hip-hop

Ana inu, tsekani kaye makope muyang'ane pa bolodi. Ndalembapo kamawu ka zilembo zinayi: feat. Nonsenu munakaonapo pa mafoni kapena pa TV, katakhala pakati pa maina awiri a oimba. Kamatanthauza kuti nyimboyo ili ndi mwini wake, koma mwiniyo waitana mnzake kuti adzaimbe naye. Inu mumati kolabo. Lero tiona kumene mphamvu ya kolabo imachokera mu hip-hop, ndiponso chifukwa chimene nyimbo ina yodzaza akatswiri asanu imatha kuzizira kuposa nyimbo ya munthu mmodzi.

Makolo athu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ankatanthauza kuti munthu wochokera kwina amatha kumasula mfundo imene yakanika eni mudzi. Mwambiwu muusunge pafupi, pakuti tiufuna kangapo. Ine ndingowonjezerapo kuti kalumo kamene kamameta bwino ndi komwenso kamacheka.

Hip-hop inabadwira pagulu. Pa 11 Ogasiti 1973, DJ Kool Herc, mnyamata wobadwira ku Jamaica, anaimbitsa zimbale paphwando m'nyumba ya nambala 1520 Sedgwick Avenue ku Bronx, mumzinda wa New York, ndipo ambiri amawerengera chiyambi cha hip-hop kuchokera usiku umenewo. M'zaka zotsatira, oimba rapu ankayenda m'magulu. Maina okha akukuuzani: Grandmaster Flash and the Furious Five, Treacherous Three, Funky 4 + 1. Maikolofoni ankayenda dzanja ndi dzanja, wina kuyamba mzere, mnzake kuumaliza. Nyimbo ya rapu yoyamba kutchuka padziko lonse, "Rapper's Delight" ya mu 1979, inali ya anthu atatu olandizana, ndipo inatalika pafupifupi mphindi 15. Choncho musamaganize kuti kuimba pamodzi n'chinthu cha makono. Rapa woima yekha ndi chimbale chake ndiye anabwera pambuyo.

Tisiyanitse zinthu ziwiri. Gulu lokhazikika, monga Wu-Tang Clan ya ku Staten Island imene inayamba ndi anthu asanu ndi anayi, silikuchita kolabo likamaimba pamodzi, pakuti amenewo ndi a m'nyumba imodzi. Kolabo imafuna mlendo. Akakhala marapa ambiri pa biti imodzi, anayi kapena kuposa, aliyense ndi vesi yake, eni ake a hip-hop amati posse cut.

Tsopano tengani mapensulo, tichite masamu pang'ono, chifukwa popanda masamuwa zotsatirazi simuzimvetsa. Biti ya hip-hop imawerengedwa zinayi zinayi. Ombani m'manja: wani, thu, fili, folo. Mwaomba bar imodzi. Mwachizolowezi vesi imakhala ndi ma bar 16, kutanthauza kugunda 64. Tiyerekeze kuti biti ikugunda ka 90 pa mphindi, liwiro limene nyimbo zambiri za rapu za ku New York zinkayendera. Gawani 64 ndi 90, muchulukitse ndi 60. Mupeza kuti vesi imodzi imadya masekondi pafupifupi 43. Kolasi ya ma bar 8 imadya theka lake. Mavesi atatu ndi makolasi atatu akukwana mphindi zitatu ndi masekondi 12, ndipo umenewo ndi msinkhu umene wailesi imaukonda. Nanga mukaitana marapa asanu ndi atatu? Aliyense akapatsidwa ma bar ake 16, mavesi okha afika mphindi zisanu ndi masekondi 41, kolasi musanaikepo n'komwe. Mwatsala ndi njira ziwiri: kutalikitsa nyimbo mpaka womvera atope, kapena kudula gawo la aliyense mpaka asowe pomalizira ganizo. Mbale ndi imodzi, manja ndiwo achuluka.

Komabe pali nyimbo zimene zinagonjetsa masamu amenewa, ndipo ya patsogolo pa zonse kwa ine ndi "The Symphony" ya mu 1988. Pulodyusa Marley Marl wa ku Queens anasonkhanitsa anyamata anayi a gulu lake la Juice Crew: Masta Ace, Craig G, Kool G Rap ndi Big Daddy Kane. Biti yake inali yosachuluka zinthu, ng'oma ndi kachidutswa ka piyano kamene anakadula m'nyimbo ya Otis Redding yotchedwa "Hard to Handle", n'kumakabwereza. Munalibe kolasi yoimba. Wina akamaliza, wotsatira ankaitanidwa ndi dzina n'kulandira maikolofoni. Masta Ace amafotokoza kuti iye anayamba chifukwa anzakewo ankakankhirana, palibe amene ankafuna kukhala woyamba. Mukudziwa chifukwa chake? Woyamba amaimba asakudziwa chimene chikubwera, pomwe womaliza wamva zonse ndipo akudziwa pamene ayenera kulumpha. Kool G Rap anabwera ndi vesi yaitali mpaka tepi inatha iye asanamalize, ndipo Kane ndiye anatseka.

Taganizirani za dima. Mwini munda amakonza mowa kapena thobwa n'kuitana anansi kuti adzamuthandize kulima. Aliyense amagwira mzere wake, ndipo palibe amene amafuna kutsalira m'mbuyo anzake akuona. Munthu amene akalima yekha amapumapuma, pa dima khasu lake silitera pansi. N'zimene zinachitika mu situdiyo ya Marley Marl. Anayi aja anali m'chipinda chimodzi, aliyense akumva mnzake, ndipo manyazi a kuoneka wofooka anatulutsa mwa aliyense luso limene akanakhala yekha mwina likanagona. Imeneyi ndiyo mphamvu yaikulu ya kolabo mu hip-hop, ndipo ndi yosiyana ndi ya kwaya. M'kwaya mawu amasungunuka kukhala amodzi, ndipo woimba amene akumveka pamwamba pa anzake walakwitsa. Mu posse cut aliyense akuyesetsa kumveka pamwamba pa anzake, ndipo nyimbo imakoma chifukwa cha mpikisano womwewo. Koma muonenso kuti dima lili ndi mwini munda woloza kumene mizere ikulowera. Marley Marl anasankha biti, anadula pamene panatalika.

Khutu la munthu limatopa ndi liwu limodzi. Kolabo imalipumitsa: wina liwu lamanzenene, wina lakuthwa, wina amathamanga, wina amayenda mwachifatse. Ubwino umenewu ndi woonekeratu, sindichedwapo.

Ubwino umene ndikufuna muuganizire kwambiri ndi wa kugwira dzanja wachichepere. Mu 1991 gulu la Main Source linatulutsa nyimbo yotchedwa "Live at the Barbeque", ndipo vesi yoyamba anaipereka kwa mnyamata wa zaka 17 wa ku Queensbridge amene analibe chimbale, analibenso dzina. Mnyamatayo anali Nas. Masekondi ochepa amenewo anachititsa New York yonse kufunsa kuti kodi ameneyu ndi ndani. Chaka chomwecho, A Tribe Called Quest anaitana gulu la Leaders of the New School pa nyimbo ya "Scenario", ndipo Busta Rhymes, amene anatseka nyimboyo mobangula, anatulukamo ali wamkulu kuposa gulu lake lomwe; mu 1996 anali ndi chimbale chakechake. Mu 2010 Kanye West anaika Nicki Minaj pa "Monster" pamodzi ndi Jay-Z ndi Rick Ross, chimbale chake choyamba chisanatuluke. Mtsikanayo anasinthasintha mawu ngati kuti m'kamwa mwake muli anthu atatu, ndipo mpaka lero anthu akatchula nyimboyo amayamba kukumbukira iye. Sukulu ya rapu ilibe mayeso a boma ngati anuwa. Vesi ya pa nyimbo ya wamkulu ndiyo mayeso ake, ndipo olemba malikisi ndi omvera.

Kolabo imagumulanso mipanda. Mu 1986 pulodyusa Rick Rubin anakakamiza Run-DMC kuti aimbenso "Walk This Way", nyimbo ya rock ya mu 1975, pamodzi ndi eni ake Steven Tyler ndi Joe Perry a gulu la Aerosmith. Run ndi DMC poyamba sankafuna. Nyimboyo itatuluka inafika pa nambala 4 pa mndandanda wa Billboard Hot 100, inalowetsa rapu m'mawailesi ndi m'nyumba za azungu zimene kale zinkaitsekera kunja, ndipo inadzutsa Aerosmith amene panthawiyo anali atazilala. Mu kanema wake, khoma lolekanitsa magulu awiriwo likubooledwa. Kwathu kuno, Tay Grin ataimba "Chipapapa" ndi 2Baba wa ku Nigeria, dzina la masewera amene inu munkaomberana m'manja muli ku pulaimale linamveka kwa anthu amene sanapondepo ku Malawi. Mlendo amabwera ndi omvera ake, ndipo akamabwerera amapita ndi dzina lanu.

Ndipo pali nthawi imene mawu ambiri amafunikadi, chifukwa nkhaniyo ndi yolemera kuposa munthu mmodzi. Mu 1987 Scott La Rock, DJ wa gulu la Boogie Down Productions, anawomberedwa ndi mfuti ku Bronx n'kumwalira. Mu 1988 mnyamata wina anaphedwa pa konsati ya rapu kufupi ndi New York. KRS-One, mnzake wa malemuyo, anatsogolera gulu lotchedwa Stop the Violence Movement, ndipo kumayambiriro kwa 1989 anatulutsa "Self Destruction". Munali Kool Moe Dee, MC Lyte, Doug E. Fresh, Heavy D, Just-Ice, Stetsasonic ndi Public Enemy, ndipo ndalama zake zinapita ku bungwe la National Urban League. Anthu ndi ambiri ndithu, koma nyimboyo sibalalika, popeza onse akunena chinthu chimodzi: achinyamata akuda aleke kuphana okhaokha. Aliyense anangobwera ndi mbali yake ya mutu womwewo, monga amachitira akuluakulu pa bwalo la milandu. Apa ndi pamene mwambi wa mutu umodzi susenza denga umagwira ntchito yake yeniyeni.

Tsopano tikatembenuze kalumo kaja.

Mpikisano umene umakometsa nyimbo ndi womwewo umene umatha kumulanda mwini wake nyimboyo. Pa 11 Seputembala 2001 Jay-Z anatulutsa chimbale cha The Blueprint. Rapa mmodzi yekha ndiye anapatsidwa mavesi ngati mlendo, Eminem, pa nyimbo ya "Renegade", imenenso biti yake inapangidwa ndi Eminem yemweyo. Jay-Z anaimba bwino, musanamizidwe. Koma omvera ambiri anagamula kuti mlendoyo wamuposa, ndipo patangopita miyezi itatu Nas anagwiritsa ntchito mfundo imeneyi pomunyoza Jay-Z mu nyimbo ya "Ether". Chachikulu kuposa apa chinachitika mu Ogasiti 2013. Big Sean anaitana Kendrick Lamar ndi Jay Electronica pa nyimbo ya "Control". Kendrick anatchula maina a marapa anzake 11, kuphatikizapo Drake, J. Cole, ndi awiri amene anali naye pa nyimbo yomweyo, n'kulengeza kuti ngakhale amawakonda, cholinga chake ndi kuwapitirira onse. Kwa masabata angapo anthu sankakamba china koma vesi imeneyo, ndipo marapa ambiri anatulutsa nyimbo zoyankha. Funsani lero kuti "Control" ndi ya ndani, ambiri akuyankhani kuti ndi ya Kendrick. Kwa hip-hop yonse tsiku limenelo linali labwino, pakuti linadzutsa anthu amene ankaodzera. Kwa mwini nyimbo linali tsiku limene anaphika nsima, mlendo n'kutamandidwa ndi mudzi wonse.

Nthawi zina sizithera pa kuposana. Mu 1997 LL Cool J anaitana Method Man, Redman, DMX ndi wachichepere wina, Canibus, pa nyimbo ya "4, 3, 2, 1". LL ali ndi chithunzi cha maikolofoni chodindidwa pamkono. Canibus analemba mzere wopempha kubwereka maikolofoni amenewo. LL anaona kuti ndi mwano, n'kulemba vesi yomudzudzula. Canibus anasintha mzere wake, koma vesi ya LL inatsalamo, ndipo mu 1998 Canibus anabwezera ndi nyimbo ya "Second Round K.O.". Nyimbo imene inayenera kumugwira dzanja mwana inasanduka chiyambi cha udani wa zaka. Phunziranipo kuti mukaitanidwa pa nyimbo ya wamkulu, mawu anu amayezedwa kawiri, ndipo wamkulu naye ayenera kudziwa kuti mwana amene wamuitana yekha samukwapula pamaso pa alendo.

Za kuchulukana taziona kale pa masamu athu. Mu 2006 The Game anatulutsa remix ya "One Blood" yokhala ndi marapa oposa 20, yotalika pafupifupi mphindi 12. Inatchuka chifukwa cha chiwerengerocho. Koma aliyense anapatsidwa kagawo kochepa, kongokwanira kudzitchula dzina ndi kudziguguda pachifuwa, ndipo womvera akafika pakati amakhala ataiwala amene anayamba. Imeneyo imafanana ndi kaundula amene ndimaitana m'mawa muno: aliyense amayankha kuti alipo, koma palibe chimene takambirana.

Chofooka chimene chimandipweteka mtima kuposa zonsezi ndi cha masiku ano, ndipo sichimveka msanga. Kale kuti anthu aimbe pamodzi ankayenera kukumana. Lero pulodyusa amatumiza biti pa intaneti, mlendo amajambula vesi yake ali mumzinda wina, mwina dziko lina, n'kuitumiza. Zimenezi zathandiza ambiri, makamaka ife akutali amene sitingakwanitse tikiti ya ndege. Koma taonani chimene chimatayika. Mlendoyo nthawi zina sanamve n'komwe vesi ya mwini nyimbo. Mwini akulira maliro a mayi ake, mlendo akubwera kudzatiuza za galimoto ndi mawotchi ake. Mavesi onse awiri akhoza kukhala aluso, koma sakuyankhana. Ndi anthu awiri okhala pa benchi imodzi, aliyense akuyankhula pa foni yake. Ndinaziona ndi maso pa sukulu ina imene ndinaphunzitsako, pa tsiku la zisangalalo. Anyamata asanu ndi mmodzi anakwera pa nsanja ndi nyimbo imene anati ndi yolimbikitsa atsikana kupitiriza sukulu. Woyamba anagwira mutuwo bwino kwambiri, mpaka holo inakhala chete. Wachiwiri anayamba kutamanda dera la kwawo, wachitatu kunyoza adani amene palibe ankawadziwa. Pofika wachisanu ndi chimodzi, atsikana amene nyimboyo inkawanena anali atayamba kucheza zawo. Ndinawamvera chisoni anyamatawo, chifukwa luso anali nalo. Chimene analibe ndi munthu wowauza kuti vesi iyi ndi yabwino koma si ya nyimbo ino.

N'chifukwa chiyani nanga oimba amapitiriza kuunjika maina? Yankho ndi malonda. Pa Spotify, YouTube ndi malo ena otere, nyimbo ya anthu awiri imaonekera kwa otsatira a onse awiri. Dzina lalikulu limakoka makutu, ndipo marapa otchuka amalipiritsa ndalama zambiri pa vesi imodzi. Palibe cholakwika kuti woimba adye thukuta lake. Cholakwika chimabwera pamene mlendo wasankhidwa chifukwa cha kuchuluka kwa omutsatira, osati chifukwa nyimboyo ikusowa liwu lake. Omvera amazindikira. Vesi yogulidwa ngati tomato pamsika imamveka kuti woimbayo mtima wake sunalipo.

Ndalama zomwezo zimadanitsanso abwenzi. Nyimbo ikakhala ya anthu anayi ndi pulodyusa, phindu lake liyenera kugawidwa, ndipo ngati oimbawo ali pansi pa makampani osiyana, kampani iliyonse iyenera kuvomereza nyimbo isanatuluke. Ngati mwatengamo kachidutswa ka nyimbo ya wina, mwini wakeyo nayenso ayenera kulola. "Control" ija, ndi kutchuka kwake konse, sinalowe m'chimbale cha Big Sean cha Hall of Fame chifukwa chilolezo cha kachidutswa kotere sichinapezeke. Inu amene mumajambula nyimbo m'masitudiyo a m'makwalala nthawi ya holide, mverani apa. Musanatuluke mu situdiyo, lembani papepala kuti nyimbo ndi ya ndani, analemba chiyani ndani, ndipo aliyense adzalandira gawo lotani, nonse musainire. Kuno kwathu bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira za umwini wa nyimbo ndi kutolera ndalama za oimba, ndipo limagawa motsatira zimene zinalembetsedwa. Pangano la pakamwa limakoma nyimbo isanatchuke.

Mwina wina afunsa kuti, aphunzitsi, kodi ndiye kuti chimbale chabwino chiyenera kukhala ndi alendo angati? Nas yemwe uja, amene anatulukira pa posse cut, atapanga chimbale chake choyamba cha Illmatic mu 1994 anapereka vesi kwa rapa mmodzi yekha, AZ, amenenso panthawiyo sankadziwika. Mgwirizano waukulu unali kuseri, kwa mapulodyusa: DJ Premier, Pete Rock, Large Professor, Q-Tip ndi L.E.S. Chimbalecho chimawerengedwa pakati pa zimbale zapamwamba kwambiri m'mbiri ya hip-hop, ndipo vesi imodzi ija inamupezera AZ kampani yomujambula. Mlendo anali mmodzi, anaitanidwa pamene ankafunika, ndipo kalumo kake kanameta popanda kucheka mwini nyumba. Kwa ine, muyezo ndi umenewo. Kolabo ndimaiyesa yabwino ngati oimbawo akumvana, ngati pali mutu umodzi umene onse akuusenza, ndiponso ngati pali munthu mmodzi wolimba mtima wotha kuuza ngakhale katswiri kuti abwerezenso.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi musanapite kukazifufuza. Zina mwa nyimbo zimene ndatchulazi zili ndi mawu otukwana ndi achiwawa. Ndazitchula chifukwa cha zimene zikutiphunzitsa pa kamangidwe ka nyimbo, ndipo zambiri zili ndi mtundu wina wochotsedwa mawu oipa umene amaimba pa wailesi. Funani umenewo.

Tsegulani makope tsopano mulembe ntchito ya kunyumba. Sankhani nyimbo imodzi ya hip-hop ya kuno kwathu yokhala ndi marapa atatu kapena kuposa. Werengani ma bar a aliyense powomba m'manja monga tachitira muno. Pansi pa dzina la rapa aliyense lembani chiganizo chimodzi chonena zimene vesi yake ikukamba. Kenaka muphimbe vesi imodzi ndi dzanja, muyese ngati nyimboyo yataya kanthu, ndipo mulembe ndime imodzi yofotokoza yankho lanu. Makope ndidzatolera Lolemba m'mawa, belu loyamba lisanalire.